Funsani Tiyankhe: Kodi Manambala a Tsamba Lathu la pa Intaneti Akunena Zoona?

Mwezi uno makalata angapo amene afika pa desiki yathu achokera m'boma la Mangochi, ndipo onse akukhudza nkhani imodzi, ya kuwerenga anthu amene amalowa pa tsamba la pa intaneti ndi kupereka lipoti lake. Tasankhapo anayi, ndipo mayina a olemba tawabisa monga mwa chizolowezi chathu.

FUNSO: Ine ndi amuna anga tili ndi malo ogona alendo a zipinda 8 ku Chembe, ku Cape Maclear. Chaka chatha tinalipira mnyamata wina wa ku Blantyre kuti atipangire tsamba la pa intaneti. Tsambalo lilipo ndithu, koma sitikudziwa ngati alipo amene amaliona, poti alendo ambiri amatipeza pa WhatsApp ndipo ena amangofika pa geti. Mwana wathu akuti tiike Google Analytics. Kodi chimenechi n'chiyani, chimalipiritsa, nanga tiyambire pati?
Mayi wa ku Chembe

YANKHO: Mayi, mwana wanuyo wakulangizani bwino, ndipo za ndalama zisakudetseni nkhawa chifukwa Google Analytics imene anthu ambiri amagwiritsa ntchito ndi yaulere. Yolipira ilipo, yotchedwa Analytics 360, koma imeneyo ndi ya makampani akuluakulu. Chida chimenechi chinatuluka mu 2005, Google itagula kampani ina yotchedwa Urchin, ndipo ntchito yake ikufanana ndi ya mlonda wokhala pa geti ndi kope m'manja, amene amalemba kuti munthu walowa nthawi yakuti, wadzera njira yakuti, wasuzumira chipinda chakuti, kenako watuluka. Kusiyana kwake n'kwakuti mlonda ameneyu saona nkhope. Amangozindikira foni kapena kompyuta imene munthuyo wagwiritsa ntchito, ndipo mfundo imeneyi muisunge chifukwa ndi imene imasokoneza anthu ambiri ikafika nthawi yotanthauzira manambala.

Musanaike chilichonse pa tsambalo, onetsetsani kuti akaunti yatsegulidwa ndi imelo ya bizinesi yanu, imene mawu ake achinsinsi mukuwadziwa inuyo ndi bambo a kunyumba. Mnyamata amene anakupangirani tsambalo mumupatse chilolezo cholowa ndi kukonza zinthu, chimene m'chidachi chimatchedwa Editor, koma udindo wa Administrator ukhale m'manja mwanu. Ndikulimbikira pamenepa chifukwa ndakumanapo ndi eni mabizinesi amene anasemphana mawu ndi wowapangira tsamba, iye n'kupita ndi akaunti, ndipo mbiri ya zaka zingapo inapita naye limodzi. Google Analytics imayamba kuwerenga tsiku limene yaikidwa, sibwerera m'mbuyo, kotero kuti zimene zatayika sizingapangidwenso.

Mukamafunafuna malangizo pa YouTube muchenjere ndi mavidiyo akale. Mtundu wakale wa chidachi, Universal Analytics, unasiya kuwerenga pa 1 Julaye 2023, ndipo umene ukugwira ntchito lero ndi Google Analytics 4, umene anthu amangoutcha GA4. Kuwasiyanitsa n'kosavuta, chifukwa nambala imene GA4 imapatsa tsamba lanu imayamba ndi chilembo G, pamene yakale inkayamba ndi UA. Ngati mnyamatayo akunena kuti anaika kale Analytics koma nambala imene akukuonetsani ikuyamba ndi UA, n'kutheka kwambiri kuti palibe chimene chikuwerengedwa.

Potsegula akauntiyo mudzafunsidwa nthawi ndi ndalama za dziko lanu, ndipo musankhe Malawi ndi Kwacha. Ena amadumpha pamenepa mothamanga n'kusiya nthawi ya ku Los Angeles, imene ili m'mbuyo mwa yathu ndi maola 9 kapena 10 malinga ndi nyengo ya chaka, ndipo zotsatira zake n'zakuti munthu amene watsegula tsamba lanu Loweruka m'mamawa amalembedwa kuti anabwera Lachisanu usiku. Mukadzakonza pambuyo pake, zimene zinalembedwa kale sizisintha.

Kenako Google idzakupatsani kachidutswa ka malangizo a kompyuta kotchedwa tag, kamene kayenera kukhala pa tsamba lililonse la webusaiti yanu. Ngati webusaitiyo inapangidwa ndi pulogalamu yopangira mawebusaiti yotchedwa WordPress, pulogalamu yaing'ono ya Google yotchedwa Site Kit imachita zimenezi popanda vuto. Chofunika n'chakuti tag iikidwe kamodzi kokha. Zimachitika kuti munthu mmodzi waiika ndi manja, wina n'kudzaiikanso kudzera mu Site Kit kapena mu chida china choikira tag chotchedwa Google Tag Manager, ndipo kuyambira tsiku limenelo tsamba lililonse likatsegulidwa kamodzi limawerengedwa kawiri. Kuti mutsimikize, tsegulani gawo lotchedwa Realtime, limene limaonetsa zochitika za mphindi 30 zapitazi, ndipo mutumize mwana wanuyo atsegule tsamba limodzi pa foni yake inu mukuyang'ana. Mukaona kuti tsambalo lalembedwa kamodzi, zili bwino. Malipoti enawo amachedwa, nthawi zina mpaka maola 48, ndiye musathamangire kunena kuti chida chafa mukapanda kuona manambala a dzulo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali malo enanso amodzi amene ndikufuna musinthe tsiku loyamba lomwelo. GA4 imasunga tsatanetsatane wa zochitika kwa miyezi 2 yokha pokhapokha inu mutauza kuti izisunga kwa miyezi 14. Malipoti ake okhazikika sakhudzidwa ndi zimenezi, koma kafukufuku wozama amene mungachite mu gawo la Explore amakhudzidwa. Bizinesi ya kunyanja imayendera nyengo: Pasaka, Tsiku la Amayi pa 15 Okutobala pamene magalimoto amadzaza msewu wa ku Monkey Bay, Khirisimasi, komanso miyezi ya Juni mpaka Ogasiti pamene mwera ukuwomba koma alendo a ku Ulaya ali pa tchuthi. Mudzafuna kuyerekeza Khirisimasi ino ndi ya chaka chatha, ndipo miyezi 14 ndi imene imakupatsani mwayi umenewo.

Tsopano tifike pa chimene chili chofunika kwa inu, chifukwa kuchuluka kwa anthu oona zithunzi za nyanja sikudzaza zipinda. Mwanena kuti alendo amakupezani pa WhatsApp, choncho chimene muyenera kuwerenga ndi anthu amene adina batani la WhatsApp, la kuimba foni kapena la kutumiza fomu ali pa tsamba lanu. Pemphani mnyamata uja kuti kudina kumeneku akulembetse ngati key event (chochitika chofunika kwambiri pa bizinesi yanu), dzina limene Google inayamba kugwiritsa ntchito mu 2024 m'malo mwa conversion. Komabe kudina batani si kulipira chipinda. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ikani kope pamalo olandirira alendo, ndipo aliyense amene wafika mumufunse mwaulemu kuti anakudziwirani kuti, n'kulemba yankho lake. Pakutha pa mwezi muike manambala a m'kopelo pafupi ndi a pa kompyuta, ndipo pakatha miyezi ingapo mudzayamba kuona ngati ndalama imene munalipira ku Blantyre ija ikubwerera.

FUNSO: Ndimagwira ntchito yotsatira ndi kuwunika mapulojekiti m'bungwe lina laling'ono pa boma la Mangochi, limene limagwira ntchito ndi asodzi a m'mbali mwa nyanja ya Malombe. Otithandiza ndi ndalama amafuna lipoti miyezi itatu iliyonse, ndipo muli mzere wofunsa anthu amene tawafikira kudzera pa webusaiti. Pa akaunti ya kampani yotisungira webusaiti pakuoneka hits 41,000, pamene Google Analytics ikuti users 900 okha. Abwana anga akuti ndilembe kuti tafikira anthu 41,000 popeza nambalayo sindinaipeke ine, ili pa kompyuta. Mtima wanga ukukana. Kodi nambala yoona ndi iti?
Mchemwali wa pa boma

YANKHO: Achemwali, mtima wanuwo ukunena zoona, ndipo musaupondereze. Manambala onse awiri mwawatenga pa kompyuta, koma palibe ngakhale imodzi imene ikutanthauza anthu m'njira imene abwana anu akuganizira, ndipo ya 41,000 ndiye ili kutali kwambiri ndi anthu.

Mawu akuti hit amatanthauza pempho lililonse limene lafika pa kompyuta yosunga webusaiti yanu. Munthu akatsegula tsamba limodzi, foni yake imapempha zolembazo, kenako chithunzi chilichonse pachokha, kenako mafayilo amene amakonza maonekedwe a tsambalo. Tiyerekeze kuti tsamba lanu lofotokoza za nyengo yotseka usodzi lili ndi zithunzi 20 ndi mafayilo ena 15. Munthu mmodzi akalitsegula kamodzi, mapulogalamu monga AWStats, amene makampani ambiri osunga mawebusaiti amapereka, amalemba hits zoposa 30. Kuwonjezera apo, pa intaneti pamayenda mapulogalamu ochuluka amene si anthu, ena a Google ndi Bing osonkhanitsa masamba, ena ofunafuna pobowoka kuti aloweko mwakuba. AWStats imayesetsa kupatula amene ikuwadziwa, koma ena amadzionetsa ngati anthu ndipo amalowa m'chiwerengero. Kulemba kuti hits 41,000 ndi anthu 41,000 kuli ngati kuwerenga usipa uli pa thandala n'kunena kuti amenewo ndi asodzi amene anapita panyanja usiku.

Nambala ya 900 ili pafupi ndi choonadi, koma nayonso muigwire mosamala. Google Analytics imasiya kachizindikiro kotchedwa cookie mu browser ya munthu (pulogalamu imene amatsegulira masamba a pa intaneti), ndipo ikakaonanso imadziwa kuti ndi yemwe uja. Munthu mmodzi amene watsegula webusaiti yanu pa foni, kenako pa kompyuta ya ku ofesi, amawerengedwa kawiri. Akafufuta mbiri ya browser yake amabadwanso mwatsopano. Pa mafoni a iPhone, browser ya Safari imalola kachizindikiro kotere kukhala masiku 7 okha ngati munthu sanabwerenso, choncho wogwira ntchito wa okuthandizani ndi ndalama amene amayang'ana webusaiti yanu kamodzi pamwezi akhoza kuoneka ngati anthu atatu m'lipoti la miyezi itatu. Mbali inayi nayo ilipo. Foni imodzi ku Makanjira kapena ku Chimwala ikhoza kudutsa m'manja mwa anthu asanu a pa banja limodzi, ndipo chida chidzalemba mmodzi. Amene anaika mapulogalamu otsekereza zotsatsa malonda kawirikawiri sawerengedwa n'komwe, chimodzimodzinso amene netiweki yawavuta n'kutseka tsamba tag isanayambe kugwira ntchito. Ndiye 900 si chiwerengero cha mitu ngati cha kalembera. Ndi kuyerekeza kwabwino kwa zipangizo zimene zinafika.

Pali cholakwa china chimene ndimachiona kawirikawiri m'malipoti a miyezi itatu, ndipo chimachitika popanda cholinga chonamiza. Munthu amatenga users a Januwale, a Febuluwale ndi a Malichi n'kuwaphatikiza. Amene anabwera miyezi yonse itatu wawerengedwa katatu. Njira yoyenera ndi kusankha masiku onse kuyambira 1 Januwale mpaka 31 Malichi nthawi imodzi, n'kutenga nambala imene chida chakupatsani, imene nthawi zambiri imakhala yocheperapo poyerekeza ndi yophatikiza ija. Sessions, amene ndi maulendo amene anthu abwera, ndiponso views, amene ndi masamba amene atsegulidwa, mukhoza kuwaphatikiza popanda kusokera kwambiri, koma users ayi. Dziwaninso kuti ulendo umodzi umatha munthu akakhala mphindi 30 osachita kanthu, ndipo akayambiranso pambuyo pake umalembedwa ngati ulendo watsopano.

Musaiwale kudzichotsamo nokha. M'bungwe laling'ono, ogwira ntchito amene amatsegula webusaiti tsiku lililonse kuti aone ngati nkhani yawo yatuluka akhoza kukhala gawo lalikulu la maulendo onse. GA4 ili ndi njira yochotsera maulendo a mu ofesi pogwiritsa ntchito nambala ya IP ya ofesiyo, imene ili ngati adiresi yake pa intaneti, koma njirayi imathandiza pokhapokha ngati nambalayo siisintha, ndipo ambiri a ife timalumikizana kudzera pa bandulo ya foni kapena pa kachipangizo ka MiFi kamene nambala yake imasinthasintha. Ngati zili choncho, ikani pa makompyuta a mu ofesi kapulogalamu ka Google komweko kotchedwa Google Analytics Opt-out, kamene kamaletsa browser imeneyo kuwerengedwa. Mukagwiritsa ntchito njira ya IP, kumbukirani kuti sefa yake imayamba ili pa Testing, ndipo sichotsa kanthu mpaka mutaiika pa Active.

M'lipotimo, ine ndikanalemba motere: "Kuyambira 1 Januwale mpaka 31 Malichi, Google Analytics 4 inalemba users 900. Nambalayi ikuimira zipangizo, osati anthu owerengedwa mmodzimmodzi, ndipo maulendo a ogwira ntchito athu tawachotsamo kuyambira tsiku lakuti." Pansi pake ndikanaika zimene zikusonyeza kuti anthu anapindula: ndi angati anakopera kabuku ka malamulo a usodzi, ndi angati anawerenga tsamba mpaka kumunsi, ndi maulendo angati amene GA4 imawatcha engaged. Ulendo umatchedwa engaged ngati munthu wakhala kupitirira masekondi 10, kapena watsegula masamba awiri kapena kuposerapo, kapena wachita key event. Kukopera fayilo ndi kufika pa 90 peresenti ya tsamba, GA4 imaziwerenga yokha ngati gawo la Enhanced measurement lili loyatsa. Mukalemba peresenti, ikani pambali pake manambala amene yachokera, chifukwa kunena kuti okopera kabuku akwera ndi 50 peresenti kumamveka kwakukulu mpaka munthu atadziwa kuti achoka pa 8 kufika pa 12. Poyerekeza, yerekezani miyezi imeneyi ndi miyezi yomweyo ya chaka chatha, popeza chidwi cha anthu pa nkhani za usodzi chimakwera ndi kutsika motsatira nyengo.

Sunganinso kope lolembamo chilichonse chimene chasintha: tsiku limene munaika tag, tsiku limene webusaiti inazima, tsiku limene nkhani yanu inatchulidwa pa wailesi, tsiku limene munachotsa tag yachiwiri. Manambala akadzatsika mwadzidzidzi, kope limeneli ndi limene lidzakuuzani ngati anthu achepa kapena ngati mwangokonza kawerengedwe.

Za abwana anuwo, sindikuganiza kuti akufuna kunama. Ndikuganiza kuti akuopa kuti 900 ioneka yochepa ndipo thandizo lichepa. Musakakangane nawo pamaso pa anzanu a ntchito. Apempheni mphindi zochepa muli awiri, mutsegule tsamba limodzi iwo akuona, muwaonetse mmene hits zakwerera ndi makumi angapo pamene munthu ndi inu nokha. Muwakumbutse mofatsa kuti mabungwe opereka thandizo ali ndi anthu awo odziwa zimenezi, ndipo akhoza kupempha chilolezo choona akauntiyo okha. Muwafunsenso kuti mukalemba 41,000 lero, mudzalemba chiyani miyezi itatu ikubwerayi pamene adzayembekezere nambala yoposa pamenepo. Ndipo ngati asodzi amene mukufuna kuwafikira amamva uthenga wanu kudzera m'misonkhano ya makomiti a m'madoko ndi pa wailesi kuposa pa webusaiti, chimenecho chilembeni m'lipoti momveka, chifukwa chimathandiza okuthandizaniwo kudziwa kumene ndalama yawo ingagwire ntchito bwino.

FUNSO: Ndimalemba nkhani za mpira ndi zochitika za kwathu kuno pa webusaiti yanga. Anthu a ku Namwera amandiuza okha pa msika kuti amawerenga, koma Analytics ikuonetsa Lilongwe, Blantyre, Johannesburg ndi mzinda wina wotchedwa Ashburn. Mangochi sakuoneka. Kodi anthuwa amangondinamiza?
Mnyamata wa ku Namwera

YANKHO: Achimwene, anthu akwanuwo sakukunamizani. Chidachi sichidziwa kumene munthu waima. Chimayerekeza malo pogwiritsa ntchito nambala ya IP, ndipo munthu amene akugwiritsa ntchito data ya Airtel kapena TNM amalowa pa intaneti kudzera pa makina a kampaniyo amene ali m'mizinda ikuluikulu. Choncho wowerenga amene wakhala pa khonde ku Namwera kawirikawiri amaoneka ngati ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Amene amagwiritsa ntchito VPN (pulogalamu yobisa kumene munthu ali pa intaneti), kapena Opera Mini pa njira yake yopulumutsa data kwambiri, imene imadutsitsa masamba pa makompyuta a kampani ya Opera, akhoza kuoneka ngati ali kunja kwa dziko kumene, kapena osawerengedwa bwinobwino. Pa chifukwa chimenechi, mukamauza munthu wofuna kutsatsa malonda pa webusaiti yanu, mupatseni manambala a dziko, ndipo a mzinda muwasiye kapena muwafotokoze bwino.

Johannesburg musaichotse. Inu mukudziwa kuposa ine kuchuluka kwa ana a ku Mangochi amene ali ku Joni, ndipo munthu amene ali kutali amalakalaka kumva kuti timu ya kwawo yasewera bwanji. Yang'anani nthawi imene amakhala pa tsamba. Ngati akukhala mphindi imodzi kapena ziwiri n'kutsegulanso nkhani ina, amenewo ndi owerenga enieni, ndipo mwina ndi amene angakope otsatsa malonda a zotumiza ndalama kapena a mabasi. Ashburn ndi nkhani ina. Ndi malo a ku Virginia, ku United States, kumene kuli nyumba zambiri zosungiramo makompyuta akuluakulu a intaneti, ndipo maulendo ochokera kumeneko nthawi zambiri amakhala a mapulogalamu. Mudzawazindikira chifukwa amatsegula tsamba limodzi ndipo nthawi yawo imakhala masekondi 0. GA4 imachotsa yokha mapulogalamu odziwika, koma ena amapulumuka, choncho amenewo muwachotse pa nambala imene mukupereka ndipo munene kuti mwatero.

FUNSO: Ndimatenga alendo pa boti kuchokera ku Monkey Bay kupita nawo kukaona mbuna ndi nkhwazi m'dera la Lake Malawi National Park. Ndimatumiza linki ya webusaiti yanga pa WhatsApp, pa Facebook, ndipo ndinasindikiza timapepala tokhala ndi QR code. Analytics ikuti anthu ambiri akuchokera ku Direct. Kodi Direct ndi kuti? Komanso ndingaone bwanji mayina ndi manambala a foni a anthu amene alowa kuti ndiwaimbire?
Bambo wa ku Monkey Bay

YANKHO: Bambo, Direct si malo. Ndi thumba limene chida chimaponyamo ulendo uliwonse umene sichikudziwa kumene wachokera. Munthu akadina linki pa Google kapena pa webusaiti ina, browser imanena kumene wachokera. Akaidina mu WhatsApp, mu uthenga wa SMS, kapena akajambula QR code, kawirikawiri palibe chimene chimanenedwa, ndipo ulendowo umagwera mu Direct limodzi ndi wa munthu amene walemba yekha dzina la webusaiti yanu. Kuno kwathu, kumene nkhani zambiri zimayenda pa WhatsApp, thumba limeneli limakula kwambiri, ndipo ndi kulakwa kulemba kuti anthu onsewo amadziwa dzina la webusaiti yanu pamtima.

Mankhwala ake ndi kumata chizindikiro kumapeto kwa linki musanaitumize. Zizindikiro zimenezi zimatchedwa UTM, dzina lochokera ku kampani ya Urchin ija, ndipo Google ili ndi tsamba laulere lotchedwa Campaign URL Builder lokuthandizani kuzipanga. Pamafunika zinthu zitatu: utm_source, kumene linki yaikidwa, monga whatsapp, utm_medium, mtundu wa njirayo, monga social, ndi utm_campaign, dzina la ntchito imene mukuchita, monga pasaka. Pangani linki ina ya WhatsApp, ina ya Facebook, ina ya timapepala, ndipo ngati timapepalato mumatisiya pa doko la Ilala ndi m'malo ogona alendo a ku Nkopola, malo alionse akhale ndi linki yakeyake. Lembani ndi zilembo zing'onozing'ono nthawi zonse, chifukwa chidachi chimaona WhatsApp ndi whatsapp ngati zinthu ziwiri zosiyana, ndipo musunge mndandanda wa mayina amene mwasankha kuti musamasinthesinthe. Zizindikirozi musaziike pa malinki a m'kati mwa webusaiti yanu yomwe, chifukwa zimasokoneza mbiri ya kumene munthu anachokera poyamba. Dziwaninso kuti linki imayenda ndi chizindikiro chake, kotero kuti wina akaitenga pa Facebook n'kuitumiza kwa mnzake pa WhatsApp, idzalembedwabe kuti ndi ya Facebook. Timapepala timene munasindikiza kale sitingakonzeke, koma tosindikiza ulendo wina tikhale ndi QR code ya linki yokhala ndi chizindikiro.

Ngati mukufuna kudziwa mawu amene anthu amalemba pa Google asanakupezeni, lembetsani webusaiti yanu ku Google Search Console, imene ndi yaulerenso ndipo imasunga mbiri ya miyezi 16. Manambala ake sadzafanana ndendende ndi a Analytics, chifukwa iyo imawerenga kudina kumene kwachitika pa Google, pamene inayo imawerenga maulendo amene afika pa tsamba tag n'kugwira ntchito. M'lipoti musawasakanize, ndipo nambala iliyonse muitchule kumene yachokera.

Pa funso lanu lachiwiri, yankho ndi lakuti simungaone mayina kapena manambala a foni, ndipo musalole munthu aliyense kukuikirani njira yolowetsa zimenezo mu Analytics. Malamulo a Google amaletsa kutumiza mayina, maimelo kapena manambala a foni ku chidachi, ndipo akaunti ikhoza kutsekedwa. Zimachitikanso mwangozi pamene fomu yapangidwa molakwika n'kumaika imelo ya munthu mu linki ya tsamba lothokoza, choncho pemphani amene anakupangirani webusaiti ayang'ane mndandanda wa masamba mu lipoti ngati mulibe chizindikiro cha @. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza mbiri ya anthu, Data Protection Act ya 2024, limene bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo wolilondoloza, ndipo alendo anu ochokera ku Ulaya anazolowera lamulo la kwawo la GDPR, limene linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018, moti amayembekezera kuuzidwa ndi kupemphedwa chilolezo asanawerengedwe. Ikani pa webusaiti yanu tsamba lofotokoza m'mawu osavuta zimene mumasonkhanitsa ndi chifukwa chake, komanso kabokosi kopempha chilolezo. Ena adzakana, ndipo manambala anu adzatsika pang'ono kuyambira tsiku limenelo, limene muyenera kulilemba m'kope lanu. Ngati simukufuna kuti mbiri ya alendo anu izipita ku Google, pali chida china chotchedwa Matomo, chimene kale chinkatchedwa Piwik mpaka mu 2018, chimene mungachiike pa kompyuta yosunga webusaiti yanu yomwe, ngakhale kuti chimafuna munthu wochisamalira.

Manambala a foni amene mukuwafunawo mudzawapeza m'njira yowongoka. Ikani fomu yaifupi yofunsa dzina, tsiku limene munthu akufuna kukwera boti, chiwerengero cha anthu ndi nambala yake, ndipo pansi pake mulembe kuti mudzaigwiritsa ntchito pomuyankha za ulendowo basi. Zimene walembazo zizibwera ku imelo yanu, ndipo Analytics izingolemba kuti fomu imodzi yatumizidwa, kuchokera pa linki ya timapepala ta ku Nkopola kapena ya pa WhatsApp.